Kodi Alleluya Band Idatha?



Pali mawu amene ndawamva kambirimbiri, m'minibasi, pa maukwati, ngakhalenso pabwalo la tchalitchi Misa ikatha. Akuti Alleluya Band idatha kalekale, chatsala ndi dzina lokha. Oyankhula motere si adani a gululi ayi. Ndi anthu olikonda monga ine ndemwe, amene adakula akumvera makaseti ake mpaka tepi kutafunidwa ndi wailesi. Mlendo akanyoza chinthu chako umangomuleka apite, koma akanyoza ndi mbale wako, pamafunika kukhala pansi ndi kukambirana. N'chifukwa chake sabata ino ndafuna kuliteteza gululi pamaso pa okonda anzanga.

Tiyambe takumbutsana kumene lidachokera. Alleluya idabadwa mu 1978 pa parishi ya Balaka, mu dayosizi ya Mangochi, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy. Oyamba ake adali anyamata wamba a pa parishi, ndipo mmodzi mwa iwo adali Paul Banda. Pambuyo pake mng'ono wake, Lucius Banda, adaphunzira kuyimba m'gulu lomweli, asadatulutse chimbale chake choyamba cha Son of a Poor Man ndi kukhazikitsa Zembani Band mu 1997. Momwemonso mudadutsa Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Foster Chimangafisi ndi ena ambiri.

Dandaulo loyamba la anzangawa ndi lakuti akatswiri onse adachoka, ndiye palibenso chomvera. Ine ndikuona kuti apa akulakwitsa pa chimene Alleluya idakhazikitsidwira. Gululi silidamangidwe pa munthu mmodzi. Lidali sukulu, malo amene mwana wa munthu wosauka, amene kwawo sakadagula ngakhale chingwe cha gitala, ankagwira chida kwa nthawi yoyamba. Kodi sukulu imatha chifukwa ophunzira ake anzeru alemba mayeso n'kupita? Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kuchoka kwa Lucius ndi anzake ndi umboni wakuti dziwelo lidalera bwino. Pamene Soldier adatisiya pa 30 June 2024, dziko lonse lidalira, ndipo ambiri mwa olirawo sadaganizire kuti munthu ankamulirayo adasulidwa pa parishi. Ngati timanyadira zipatso, tisanyoze mtengo pamene ukuphukanso maluwa ena.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti nyimbo za ku Balaka n'zofanana, ukamva imodzi wamva zonse. Apa sindikana zonse. Kudalidi nthawi imene kiyibodi ndi ng'oma za pa makina zinkamveka chimodzimodzi pa makaseti ambiri, ndipo oyimba ena ankangotsata njira yopondedwa kale poona kuti ndi imene ikugulitsa. Koma tifunsenso chimene chidachititsa. Kwa zaka zambiri oyimba a m'dziko muno ankadalira situdiyo ya MBC, imene idalinso wailesi yokhayo. Pamene Paul Banda adatsekula situdiyo ya Imbirani Yahwe ku Balaka, anyamata ochuluka adapeza khomo lolowera. Anthu ambiri akajambula m'chipinda chimodzi, pa zida zomwezo, ndi katswiri yemweyo, kamvekedwe kayenera kufanana, monga nsima ya mumphika umodzi. Kufananako kudali mtengo umene tidalipira kuti amphawi amveke. Ndipo ngakhale ng'oma zinkafanana, uthenga sunkafanana. Ena ankatamanda Mulungu, ena ankalira umphawi ndi umasiye, ena ankadzudzula olamulira m'zaka zimene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, kuyambira kalata ya maepiskopi ya mu 1992 mpaka chisankho cha mu 1994.

Komabe chimene chikundidetsa nkhawa koposa ndi kakambidwe kathu. Okonda gulu limodzi tagawikana. Awa akuti Alleluya yeniyeni ndi ya Paul Banda, awo akuti ndi ya Sinetre, ena akuti zonsezo n'zachikale. Wina akangotchula chofooka chimodzi, mnzake amayankha ndi chipongwe, mpaka kufunsa ngati wonenayo adagwirapo gitala chibadwire. Izi zimandikumbutsa Akhristu a ku Korinto, amene adagawikana potsata Paulo, Apolo ndi Kefa. Paulo woyera sadakondwere ndi gulu limene linkatchula dzina lake. Adawakumbutsa kuti wobzala ndi wothirira ndi antchito chabe, wokulitsa mbewu ndi Mulungu. Ngati mtumwi adakana kuti dzina lake likhale chibonga chomenyera abale, ndani wa ife angasandutse dzina la woyimba kukhala chibonga?

Kuteteza chimene umakonda sikutanthauza kutseka makutu. Wokonda weniweni amavomera pamene pali polakwika, amafotokoza chifukwa chake, kenaka amaonetsa chokoma chimene wodzudzulayo sadachione. Mnzako akanena kuti oyimba a lero sakufika pa akale, usamutukwane. Mufunse kuti adawamvera liti komaliza. Kawirikawiri upeza kuti chimene akulira si nyimbo ayi, koma unyamata wake, masiku amene makolo ake adali moyo ndipo kaseti inkalira pakhonde madzulo. Chisoni chotere n'choyenera ulemu, koma si mlandu wa mnyamata amene wagwira gitala chaka chino.

Nkhaniyi ikutikhudza ife tomwe pa parishi pano. Kangati tamva akuluakulu akunena kuti kwaya yeniyeni idali yakale ija? Mawu amenewa amaoneka opepuka kwa wowanena, koma kwa mtsikana wa zaka 15 amene wangoyamba kuyimba salimo, ndi katundu wolemera. Ena amasiya kubwera ku mapulakatisi, ndipo sitidziwa kuti tataya yani. Anthu a ku Balaka akadawauza anyamata a mu 1978 kuti sangafike pa oyimba akale, dziko lino likadasowa nyimbo zambiri zimene lero tikukanganirana.

Choncho sabata ino ndikukupemphani chinthu chimodzi. Pezani nyimbo imodzi ya gulu limene mudaliweruza kuti lidatha, muimvere mpaka kumapeto musadanene kanthu. Ndipo Lamulungu likudzali, Misa ikatha, pitani kwa wamng'ono koposa mu kwaya yathu, mumugwire dzanja ndi kumuthokoza.

Ambuye akudalitseni nonse.