Chikasu Chikhale mu Mphika

Pali zomera zina zimene makolo athu ankazidziwa kalekale, koma lero zatibwerera ndi mbiri yatsopano ngati mlendo wochokera kutali. Chimodzi mwa izo ndi chikasu, chimene ena amachitcha manjano, ndipo pa timapaketi ta m'sitolo amalemba kuti turmeric. Pa maulendo anga a m'miphakati, kuyambira ku Petauke mpaka ku Nyimba, ndamva chikasu chikutamandidwa koposa. Uyu akuti chimachiza shuga, uyo akuti chimatsitsa BP, winanso akuti chimapha khansa. Tiyeni tipete nkhaniyi, abale anga, kuti mankhusu auluke, maso atsale.

Zoona zake nzakuti chikasu chili ndi ubwino. Dziko la India, limene limalima chikasu chochuluka kuposa maiko onse, lachigwiritsa ntchito m'zakudya ndi m'mankhwala kwa zaka mazanamazana. Mphamvu yake ili mu kanthu kotchedwa curcumin, kamene kamachepetsa kutupa m'thupi. Mu 2014 madokotala a ku Thailand anafalitsa zimene anapeza pa anthu 367 odwala nyamakazi ya m'maondo. Ena anawapatsa ibuprofen, ena mankhwala opangidwa kuchokera ku chikasu. Patapita masabata 4, ululu unachepa mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo amene anamwa a chikasu sanadandaule kwambiri za m'mimba. Uwu ndi uthenga wabwino kwa agogo athu amene amavutika kugwada pa Misa.

Koma tisathamange. Odwala aja ankamwa mamiligalamu 1,500 a mankhwala oyengedwa tsiku lililonse, pamene mu ufa wa kukhitchini curcumin ndi magawo 3 okha pa 100. Kuti munthu afikepo, angafunike timasupuni toposa 10 pa tsiku. Komanso matumbo athu amayamwa pang'ono chabe. Mafuta ndi tsabola wakuda ndizo zimathandizako. Za kuchiza shuga, khansa kapena kachilombo ka HIV, palibe umboni umene ungalole munthu kusiya mankhwala a kuchipatala.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Ndikudziwa mayi wina wa m'kwaya, wolimbika pa ntchito za Mpingo, amene anaika pambali mapiritsi ake a BP chifukwa mnzake anamuuza kuti madzi a chikasu ngokwanira. Sipanathe miyezi itatu, anagwa pamtondo, ndipo lero dzanja lake lamanja siligwiranso munsi. Amene anamulangiza sanali mdani, anali wachikondi. Koma chikondi chopanda nzeru chimapweteka.

Ngakhale chikasu chenichenicho, chikachuluka chimawawa. Mu 2019 ku Italy anthu oposa 20 anadwala chiwindi atamwa makapisozi a chikasu. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anaulula kuti ku Bangladesh ena opera chikasu ankathiramo utoto wa mtovu wapoizoni kuti ufa uwale, ndipo poizoni ameneyu amaononga ubongo wa ana. Amene ali ndi timiyala m'ndulu, amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ndi amayi oyembekezera, asamwe chikasu ngati mankhwala asanafunse adokotala.

Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limalemekeza pamodzi zomera za m'nthaka ndi sing'anga wodziwa ntchito yake, pakuti zonsezi nzochokera kwa Mlengi mmodzi. Amene anameretsa chikasu ndi Yemweyo anapatsa nzeru anamwino a ku Minga Mission, a ku Kalindawalo ndi a pa chipatala cha boma ku Nyimba. Tikamasankha mphatso imodzi ndi kunyoza inzake, ndiye kuti tikuyesa Mulungu.

Malangizo anga ndi awa. Bzalani chikasu chanu kuseri kwa nyumba kapena kudimba mvula ikayamba. Pakapita miyezi 8 kapena 9, masamba akauma, kumbani mizu, muiwiritse, muiyanike, nkuisinja. Motero mudzadziwa chimene mukudya. Thirani theka la kasupuni mu nyemba, m'nsomba kapena mu mpunga, pamodzi ndi timafuta. Banja lidye ndi kuyamika. Koma mapiritsi amene munalandira kuchipatala, mwani pa nthawi yake, ndipo tsiku lokapimitsa likakwana, pitani. Moyo uwu tinachita kubwerekedwa. Mwini wake adzatifunsa mmene tinausamalira.