Tinali kuganiza kuti opaleshoni ndiye mathelo

Amai atawapeza na khansa ya khomo la cibalilo, inali itafika kale patali. Adokota anati kucotsa cibalilo sikungathandize pa nthawi iyo. Anayamba radiotherapy, imene ku wodi amangoti "kuocha": masiku asanu pa wiki kwa mawiki asanu, drip ya cisplatin kamodzi pa wiki, ndiyeno kuocha kwa mkati.

Ise ana ao, atatu, tinali na funso limodzi cabe: "Nanga bwanji osangocotsa cinthuco?" Tinali kuona monga adokota acita ulesi.

Patapita miyezi, anapeza kuti kacotupa kanatsalako, ndipo opaleshoni inakhala njila yotsala. Adokota anatikhazika pansi. Anati radiotherapy imapha khansa, koma imaononganso tumitsempha twa magazi tozungulila. Minofu imauma, cikhodzodzo na matumbo zimamatilila ku cibalilo, ndipo bala pamalo aconco limavuta kupola. Tinagwedeza mitu. Kukamba zoona, sitinamvetse.

Tinamvetsa patapita mawiki awili, pamene Amai anauka citenge cili conyowa. Panabooka kanjila pakati pa cikhodzodzo na njila ya cikazi, kamene amati fistula. Mkodzo unali kungotuluka usana na usiku. Bala la pamimba linacita mafinya. Mwendo wa kumanzele unatupa cifukwa ca ma lymph node amene anacotsa.

Amai, amene sanali kuphonya kwaya, analeka kupita ku chalichi. Tsiku lina anatifunsa motsitsa mau, "Ana anga, kodi ninunkha?" Tinati, "Iyai Amai, simununkha." Mlongo wathu anatuluka panja kukalila pafupi na pompi.

Manje tagawana nchito. Wina acapa, wina agula matewela a akulu, wina apelekeza Amai ku review. Tiyembekezela opaleshoni ina yotseka fistula, ndipo anatiuzilatu kuti pa minofu yoochedwa siigwila nthawi zonse.

Sitiimba mlandu adokota. Cimene cimatiwawa n'cakuti khansa iyi imayamba na kacilombo ka HPV ndipo imatenga zaka kuti ikule. Ku kiliniki ya boma amapima na viniga, mahala, kwa mamineti ocepa. Kuyambila mu 2019 atsikana muno mu Zambia amalandila katemela wa HPV.

Ise akazi awili tinapita kukapimitsa mwezi watha. Kamwana ka mlongo wathu kalasidwa katemela ku sukulu. Amai ndiwo anakumbutsa tsiku.