Kumvetsera injini pa Metangula

Njinga yamoto ikafika pa galaja yanga ikulira zachilendo, sindiyamba ndi sipanala. Ndimauza mwini wake kuti aizimitse, akhale pa benchi, andifotokozere. Phokosolo layamba liti? Limamveka m'mawa injini ikadali yozizira, kapena ikatentha? Pokwera chitunda kapena potsika? Oyilo anathira liti, ndipo anamugula kuti? Ambiri amafuna kuti ndiigwetse injini pompopompo, poti kwa iwo makaniko wodziwa ntchito ndi amene wayala mabawuti mbwee pa chiguduli. Koma injini yomasula siilira. Ukaiphwasula usanaimve, umboni wonse wataya, ndipo chotsala n'kumangosintha zitsulo mwachimbulimbuli ndi ndalama za mwini wake.

Galajayo ili pa Metangula, likulu la boma la Lago. Chakudya changa cha tsiku ndi tsiku chimachokera ku ma Lifo, ma Boxer ndi ma TVS a anyamata a kabaza ndi a anthu ogula usipa, kuphatikizapo injini za maboti. Koma mvula ikatha, mwera n'kuyamba kuwomba, kumafika alendo a njinga zikuluzikulu zamabokosi m'mbali. Ena amachokera ku Tanzania, atawoloka Rovuma pa mlatho wa ku Matchedje, ena amatsika kuchokera ku Lichinga kudzera pa Maniamba. Msewu wa ku Lichingawo ndi wa makilomita oposa 100, ndipo umachoka pamtunda wa mamita oposa 1,300 kudzafika kunyanja kuno komwe sikukwana 500. Munthu amanyamuka atavala jekete, pofika pano thukuta lili kamukamu. Oyilo naye akamva kutentha kwa kuno amapyapyala, ndiye kaphokoso komwe kamabisala kumtunda kamatulukira poyera.

Choyamba ndimaigwedeza njinga yonse ili yozima. Misewu yathu yamabampu imamasula chilichonse, ndipo nthawi zambiri mlendo wobwera nkhope ili gwa, akuganiza kuti injini yatha, amapezeka kuti ndi kabawuti ka chitsulo chotchinga pansi pa injini, kapena kalata ka pa ekizozi. Zikatero ndimangomanga, iye n'kugula fanta, basi.

Ngati si zimenezo, ndimatenga sikuludiraiva yanga yaitali yachigwiriro chamtengo. Nsonga yake ndimaikhazika pa injini ikulira, chigwiriro ndimachikanikiza pa kafupa ka kutsogolo kwa khutu, maso ndatsinzina. Ndimayambira pamutu, kutsikira pa silinda, kenako pansi, mbali iyi ndi inayo, uku mnyamata wanga akuwonjezera ndi kuchepetsa moto monga ndamukodolera ndi chala. Chitsulo chilichonse chili ndi mawu ake. Mavavu akatalikirana amati tyetyetye pamwamba penipeni, mofulumira koma mopepuka. Amenewo sandiopsa. Amene ndimawaopa ndi mavavu achete, othina, chifukwa satseka bwino, njinga imavuta kuliza m'mawa, ndipo mapeto ake vavu imapsa. Pa injini za mtundu wa Honda CG 125 mpata wake ndi 0.08 mm injini ili yozizira, ndipo umangotembenuza kasikuluwu. Zina mwa zikuluzikuluzi zimafuna timbale tachitsulo topima kale, tomwe sungatipeze ngakhale utazungulira msika wonse wa Lichinga.

Tcheni cha m'kati choyendetsa mavavu chikalefuka chimati khwererere m'mbali mwa silinda, makamaka ukangosiya moto. Pisitoni yokhwepa imagogoda injini ikadali yozizira, ikatentha phokoso limachepa poti chitsulo chafufuma. Phokoso la kumbali ya kilatchi lili ndi mayeso osavuta: ukakoka chogwirira chake n'kumva zii, mlandu uli pomwepo, ndipo njinga yotere ikhoza kuyenda mtunda wautali osavuta. Palinso kakulira kakuthwa komwe kamamveka pokhapokha munthu akukwera chitunda ndi giya yaikulu, katundu ali tho. Pamenepo ndimafunsa za petulo. Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu si yense woipa, tonse timadalira yemweyo tikapita kumpoto, koma alipo ogulitsa ena amene dzanja lawo limapita ku palafini. Lomwe limandikhalitsa chete ndi phokoso la pansi, lakuya, loti gu gu gu, lokula injini ikatentha ndiponso ukaipatsa ntchito. Kumeneko ndi kunoka kwenikweni, bering'i ya koni rodi yadyeka.

Khutu likanena zake, ndimafunsa oyilo. Apa ndi pomwe njinga za alendo zimapusitsa anthu, eni ake omwe. Tinjinga tathu timasunga oyilo pansi pa injini, pafupifupi lita imodzi, ndipo ukhoza kuyeza m'mawa usanalize. Koma zina, monga Yamaha XT600 ndi XT660Z Ténéré, zimasunga oyilo m'felemu, ndipo kandodo koyezera kali chakutsogolo pafupi ndi khosi la njinga. BMW F650 ya silinda imodzi, yomwe injini yake inapangidwa ndi Rotax ya ku Austria, nayo siisunga oyilo pansi. Njinga zotere zili ndi mapampu awiri, ina yotumiza oyilo mu injini, ina yomukokera kubwerera kumwamba. Ikagona usiku, oyilo wina amatsikira pansi, ndiye ukayeza m'mawa kandodo kamatuluka kouma ngakhale oyilo ali wokwanira.

Mlendo wina anafika akukankha njinga ya mtundu umenewu, kumbuyo kwake kuli chigulu cha ana. Mnyamata wanga, yemwe anaphunzirako ku Likoma ndipo Chingerezi amachitha, anamvetsera n'kutembenukira kwa ine.

"Mestre, akuti injini ikumwa oyilo. M'mawa uliwonse akuthira, koma lero yayamba kufuka utsi kenako yazima."

"Afunseni, amayeza atailiza kaye kapena ayi?"

Anali kuyeza m'mawa asanailize. Nditatsegula bokosi la mpweya, oyilo anayenderera mpaka pa nsapato zanga. Sefa inali nyowee, pulagi yakuda bii, yonyowa. Oyilo yemwe ankawonjezera uja analibe kokhala, ndiye ankatuluka kudzera pa kapaipi kopumira n'kulowa kumene kumayenera kudutsa mpweya wokha. Tinakhetsa wowonjezerayo, kutsuka sefa, kupukuta bokosi, kuika pulagi yake yapadera. Kenako tinailiza kwa mphindi ngati 10, kuizimitsa, kuiimika chilili pamalo athyathyathya, n'kuviika kandodo osakapotokola. Mzere unali pamalo pake. Injini sitinaikhudze ngakhale bawuti imodzi, ndipo mlendoyo anachita kundifunsa kawiri ngati mtengo womwe ndinatchula unali wa zonse.

Oyilo wokhetsa sinditaya ndisanamuwerenge. Ndimamukhetsera m'beseni loyera, kupita naye padzuwa, kupendeketsa pang'onopang'ono. Kuda kokha si mlandu, ndiye kuti wagwira ntchito. Ndimamutikita pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala: akamveka mchenga, fumbi likudutsa pa sefa, ndipo maring'i sakhalitsa. Ndimamununkhiza: akamveka petulo, kabuleta ikudontheza usiku, ndipo n'chifukwa chake oyilo amaoneka ngati akuchuluka yekha. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Funso limakhala lakuti alowera kuti. Wochokera njira ya ku Cobué mitsinje itadzaza amakhala kuti wawamwetsa powoloka, ndipo kusintha oyilo kangapo kumathetsa nkhani. Koma njinga yozizidwa ndi madzi yomwe sinawoloke paliponse, ndimayang'ana m'ledieta. Madzi akakhala atatsika, ndiye kuti masiilo a pampu ya madzi kapena gasiketi ya pamutu zatha. Pomaliza ndimayendetsa maginito pansi pa beseni. Kafumbi kosalala kokakamira sikadetsa nkhawa. Tizidutswa tolasa chala ndi nkhani ina, ndipo tinyenyeswa tofiirira tonyezimira tomwe maginito akutikana timachokera ku zitsulo zamkuwa za m'kati, umboni woti penapake payenda pouma.

Za mtundu wa oyilo timakangana kwambiri ndi anyamata a kabaza. Pa njinga zambiri injini, magiya ndi kilatchi zimasamba oyilo mmodzi. Ukathira wina wa galimoto, woterera kwambiri, kilatchi imayamba kutsetsereka: injini ikukuwa, njinga osathamanga. Ndimawauza kuti ayang'ane zilembo zoti JASO MA pa chigubu, ndipo kotentha kuno 20W-50 amapirira bwino. Chomwe sindifuna kuchiona ndi oyilo wopungulira m'botolo la madzi, wopanda dzina, yemwe mwina anachoka mu lole n'kungosefedwa ndi nsanza.

"Mestre, ingothirani yemweyu, mawa tidzaona," amatero.

"Mphwanga, ukathire wekha kuseri uko, ine ndisaone."

Amaseka, koma ena amabwerera ku sitolo. Sindiwadzudzula kwambiri ayi. Njinga ndi ya bwana wofuna ndalama yake madzulo aliwonse, ndipo meticais yomwe yapita ku oyilo yachoka pa ndiwo za ana.

Njinga ya mlendo ikanokadi, ndimamuuza mosapsatira kuti sinditsegula. Kumasula ndikhoza, koma kuno mwera umaulutsa mchenga mpaka m'mbale ya nsima, magasiketi ake palibe, ndipo zitsulo zotere zimachokera kutali, kawirikawiri ku South Africa. Injini yoti ikhale chotsegula milungu ingapo pansi pa denga lamalata imawonongeka kuposa mmene inabwerera. Ndimamuletsa kuilizanso, ngakhale kungoyesa. Kenako timapita kukakambirana ndi madalaivala a magalimoto onyamula nsomba opita ku Lichinga, ndipo ndimapita naye ndekha kuti mtengo usakwere poona khungu. Timachotsa mabokosi ndi magalasi, kutseka petulo, kuikweza anthu asanu pa thabwa, n'kuimanga ndi zingwe mbali zinayi mafoloko atafinyika pang'ono, kuti isagwere matumba a usipa a eni ake pa zitunda zokwera ku Maniamba.