Ndege ya Matabwa ndi Manja a Ana

Ndine kalipentala. Ukalipentala ndinauphunzira kwathu, pa benchi ya pansi pa mtengo wa mango, tikumapanga zitseko, mabedi ndi mabokosi a maliro. Pano ndili ku England, kumene ndimakhoma makabati a m'khitchini. Zidzukulu zanga zinabadwira konkuno, ndipo kwa izo ntchito ya agogo ndi fumbi ndi phokoso la sowo basi. N'chifukwa chake ndimakonda kupita nazo ku de Havilland Aircraft Museum, nyumba yosungiramo ndege zakale yomwe ili pa Salisbury Hall, pafupi ndi London Colney ku Hertfordshire.

Malowa si aakulu, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Mwana amafika pafupi penipeni ndi ndege, m'zina amalowa n'kukhala pampando, ndipo anthu ongodzipereka amene amazisamalira amayankha mafunso modekha. Ine chimene chimandikokera kumeneko ndi Mosquito, ndege ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Inajambulidwa pa Salisbury Hall pomwepo, ndipo yoyambirira yeniyeniyo, ya nambala W4050, ilipo mpaka lero. Inauluka koyamba pa 25 November 1940 ku Hatfield. Ili ndi injini ziwiri za Rolls-Royce Merlin, koma thupi lake ndi mapiko ake ndi matabwa.

Ana sakhulupirira msanga. "Agogo, mukutinamiza, imeneyi ndi yachitsulo," anatero mdzukulu wanga wamkulu, poona mmene khungu la ndegeyo lasalalira. Sindinalimbane naye. Titafika kunyumba ndinadula kachidutswa ka balsa, mtengo wopepuka zedi umene pa nkhondoyo ankautenga ku Ecuador, n'kumupatsa. Anangokanikiza ndi chikhadabo, mtengo n'kubooka. Kenaka tinadula timapepala tiwiri ta pulayiwudi yopyapyala, tinapaka guluu, balsa pakati, n'kupana bwinobwino mpaka mawa lake. Kutacha ndinati, "Thyola tione." Anayesa ndi manja, anayesa pabondo, zinakanika. Thupi la Mosquito linapangidwa chomwecho: balsa pakati, pulayiwudi ya mtengo wa birch uku ndi uku.

Apa ndi pamene mtima wa kalipentala umasangalala. Thupi la ndegeyi ankalipanga m'zigawo ziwiri, cha kumanzere ndi cha kumanja, chilichonse akuchiumba pa chikombole chake. Mawaya ndi zina zam'kati ankaziika mbali ziwirizo zisanalumikizidwe, kuti munthu agwire ntchito ataimirira, osati atapanikizika m'kati. Akamaliza ankaziphatikiza ngati zibanthu ziwiri za chipanda. Pamwamba pake ankakutirapo nsalu yopyapyala ya thonje n'kuipaka mankhwala oikunga, ndipo kusalala kumene kunapusitsa mdzukulu wanga kunachokera pamenepo. Aliyense amene anapanapo matabwa amadziwa kuti guluu sakhululuka. Thabwa likakhala lonyowa, kapena mbali ziwirizo zikapanda kukumana ndendende, cholumikizacho chimaoneka bwino lero koma chidzakutaya tsiku lina. Pa kabati, chitseko chimangolendewera. Pa ndege, m'kati muli anthu awiri.

Nanga ndege zimenezi anazipanga ndani? Aluminiyamu inali yosowa, amisiri a zitsulo anali otanganidwa ndi ndege zina, koma opala matabwa analipo. Mafakitale a mipando a ku High Wycombe anasiya mipando n'kuyamba kupanga ziwalo za ndege, ndipo akazi ambiri analowa nawo ntchitoyo. Zonse pamodzi zinapangidwa 7,781, zina ku Canada ndi ku Australia. Poyesedwa mu 1941, W4050 inathamanga kuposa ndege ya Spitfire ya nthawi imeneyo. Ndikamawauza ana zimenezi ndimakumbuka mmene kwathu ena amaonera ukalipentala, ngati pothawira mwana amene sukulu yamukanika. Maganizo amenewo ndimawakana. Kuwerenga mmene mitsempha ya thabwa yayendera, kudziwa kumene lidzapindikire likauma, ndi nzeru yofuna zaka.

Mdzukulu wanga wamng'ono, mtsikana, anafunsa funso lina: "Agogo, ndiye inkapha anthu?" Ndinamuyankha kuti inde. Zina zinkangojambula zithunzi kuchokera kumwamba, koma zambiri zinkanyamula mabomba ndi mfuti, ndipo anyamata ambiri amene ankaziulutsa sanabwerere kwawo. Mwana sayenera kubisiridwa zimenezi. Luso la manja limapita kumene eni dziko alitumiza, ndipo amene anapanga mapikowo ankadziwa chimene ankapanga.

Masiku ano Loweruka ana amabwera okha ku benchi yanga. Wamkulu waphunzira kupala thabwa motsatira mitsempha yake, ndipo amadziwa kumva ndi chala ngati patsala pokwera. Wamng'ono ntchito yake ndi guluu: amapaka mopyapyala, mbali zonse ziwiri, n'kupukuta wotuluka m'mbali asanaume. Sowo yamagetsi sindinawalole, tchizulo amagwira ine ndili pomwepo.

Makolo amene muli kufupi ndi London, pitani nawoni ana kumeneko, ndipo musawathamangitse. Mukabwerako apatseni kachidutswa ka thabwa, sandipepa ndi guluu, muwasiye adetse manja.