Dzanja la pa kaseti likuwononga mawu pa kompyuta

Ife amene tinakula kaseti ili pachimake tinaphunzira lamulo limodzi la kujambula mawu: kweza mpaka kasingano ka mita kazigunda pofiira. Lamuloli silinali lachibwana ayi. Kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, ili ndi kaphokoso kakekake kosatha kongoti sii, ndipo njira yapafupi yokabisira inali kujambula mokweza kuti nyimbo ikameze. Ukapyola muyeso pang'ono tepi inkakukhululukira. Inkangowafinya mawuwo mofatsa, mpaka ena ankakonda kamvekedwe kake. Lero tikujambulira pa kompyuta koma dzanja lathu likadali la nthawi ya kaseti, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene amadandaula kuti sound card yawo yafa vuto lawo lagona pamenepa.

Kompyuta siimva, imangolemba manambala. Sound card imayeza mphamvu ya magetsi ochokera ku maikolofoni ka 44,100 pa sekondi ngati ikutsata muyeso wa CD, imene inabwera mu 1982, ndipo pa 16-bit imakhala ndi masitepe 65,536 olembera zimene yayezazo. Sitepe yomaliza ndi ija yolembedwa 0 dB pa mita. Kupitirira apo kulibenso nambala. Mawu akafuna kukwerabe, nsonga zake zimametedwa ngati kapinga wotchetcha, ndipo khutu limamva kuthetheka kwa sipika yong'ambika. Kumeta kumeneku ndiye amakutchula kuti clipping.

Chimene chimazunguza anthu ambiri n'chakuti kumetako kumatha kuchitika mawu asanafike n'komwe pamalo pamene iwo akutsitsa. Taganizirani kwaya ya kutchalitchi: waya wachoka ku mixer n'kukalowa pakabowo ka maikolofoni ka laputopu. Kabowoko kamayembekezera timagetsi tochepa, ma millivolt owerengeka, pamene mixer imatha kutulutsa kuposa volt yathunthu. Mwinanso mu Windows muli poyatsa Microphone Boost, yomwe imawonjezera 10, 20 kapena 30 dB pamwamba pake. Wojambula amatsitsa mu pulogalamu yojambulira ya Audacity, mita n'kusiya kufiira, koma kuthetheka osachoka, chifukwa wangochepetsa mawu owonongeka kale. Madzi akavunduka kumtunda sungawayeretse padooko. Kufufuza kuziyambira kumene mawu akuchokera: kutsitsa pa mixer pomwepo, kusamutsira waya pa line in (pa makompyuta a patebulo kabowo kake kamakhala kabuluu, ka maikolofoni kapinki), kuzimitsa boost pamodzi ndi chija chimakweza ndi kutsitsa mawu chokha. Kenako oimba ayesere pamene nyimbo imakwera kwambiri, mita izithera pakati pa -12 ndi -6 dB.

Wina anena kuti zojambula motere zimamveka zofooka ukaziika pafoni. N'zoona, koma kukweza mawu oyera pambuyo pake n'kwa kamphindi chabe, pamene nsonga yometedwa sinalembedwe paliponse. Mapulogalamu okonzera amangoganizira mmene inalili, ndipo kumetako kukachuluka amalephera. Mfundo yolemera ndi ya amene amati sound card yobwera ndi laputopu ili ndi kaphokoso kake, kotero kujambula motsika n'kukweza pambuyo pake n'kukwezanso kaphokosoko. Apa ndikuwavomereza, ndiye chifukwa chake sindikunena zotsika mpaka -40. Komabe tiyeni tiwerengere. Bit iliyonse imapereka pafupifupi 6 dB, choncho 16-bit ili ndi mpata wa 96 dB, umene kaseti sinaufikepo. Kusiya 12 dB pamwamba n'kutaya ma bit awiri okha mwa 16, ndipo pa 24-bit palibe khutu lingazindikire. Mpata wotsalawo si wotayika: ndi wa ng'oma imene mnyamata adzaimenye mwamphamvu kuposa mmene anachitira poyeserera, ndi wa amayi a soprano nyimbo ikawalowa m'magazi.