Mbalule ilibe nambala

Achinyamata ambili amene amapanga nyimbo pa laputopu muno mu Lusaka amagwa pa vuto limodzi. Munthu watsiliza bundle yonse kuchita download sample library ya ng'oma, waiika bwino-bwino, walemba manoti ake mu MuseScore. Akadina play, kuli zii. Nthawi zina kumveka piyano, nthawi zina wezulo monga wa referee pamalo pamene anafuna ng'oma ikulu. Ambili amathamangila kukamba kuti library ni yakufa, kapena laputopu ilibe mphamvu. Kambili vuto limakhala nambala chabe.

Pulogalamu yolembela manoti siidziwa ng'oma. Noti iliyonse imene mwaika pa mizele imatumiza nambala ya MIDI, kuyambila 0 kufika 127, ndipo library imaliza sample imene ili pa nambala ija. Mu 1991 opanga zoimbila anagwilizana pa ndondomeko yochedwa General MIDI. Anasungila ng'oma channel 10, na kugawa nambala kuyambila 35 kufika 81. Bass drum ili pa 36, snare pa 38, hi-hat yotseka pa 42, ndipo wezulo uja ali pa 71 na 72. Koma palibe amene amakakamiza wopanga library kutsatila ndondomeko imeneyi. Angaike ng'oma yake ikulu pa 48. Pulogalamu yanu ikatumiza 36, pamene iye sanaikepo kanthu, mudzangomva zii.

Mankhwala ake ni otopetsa koma si ovuta. Choyamba, tsegulani library payokha, dinani kiyi imodzi-imodzi, mulembe pa pepala nambala na kamvekedwe kake. Musadalile maina monga C1 kapena C2, chifukwa makampani amasiyana powelenga ma octave, pamene nambala siisintha. Ndiyeno mu MuseScore tsegulani Edit drumset, imene m'ma version atsopano amaicha Customize kit. Pa nambala iliyonse ikani dzina, mzele umene noti idzakhalapo, na mutu wa noti. Mukatsiliza, pitani ku Mixer musankhe library ija, kaya ni VST3 kapena SoundFont. Ngati mukali kumva piyano, onani ngati staff ija ni ya ng'oma zoona, komanso ngati ng'oma za mu SoundFont zili mu bank 128. Musanawononge ndalama ya bundle, dziwaninso kuti ma library ambili a Kontakt amafuna Kontakt yogula, salila mpaka kalekale mu Kontakt Player yaulele.

Ine zonsezi ninaziphunzila chifukwa cha wailesi. Nimathandizila pa wailesi ya m'komboni popanda malipilo, ndipo pulogalamu yathu ya achinyamata inafunika kanyimbo kotsegulila kokhala kathu-kathu. Ninafuna kamvekedwe ka ng'oma za kwathu ku Katete, zimene amalume anga amaliza pa chimtali na pa maukwati. Nitawelenga mndandanda wa General MIDI, ninapeza zoimbila 47. Muli bongo, conga, timbale, maracas, cabasa, cuica na guiro, zambili za ku Cuba na Brazil. Mbalule mulibe. Mpanje mulibe. Amene anagawa nambala zija anali na nyimbo zawo m'makutu, ndipo zathu sizinali m'chipindamo.

Njila yapafupi ni kubweleka conga pa 62, 63 na 64. Ninalemba kalilidwe kamene amalume ananiphunzitsa, n'kuwapatsa ma headphone. Anamvetsela mpaka kumapeto, ndiyeno anati, "Mwana iwe, mapazi ni athu koma mawu ni a mlendo." Conga imalila mowala, imatha msanga. Ng'oma yathu ili na phula pakati pa chikumba, imalila mozama, ndipo mawu ake amatsalila m'mimba mwa munthu. Wovina amene anakulila pa bwalo amamva kusiyana kumeneku pa kugunda koyamba.

Choncho tinapangana kujambula ng'oma zawo zenizeni. Tinachita pa Sondo masana, pamene studio imakhala ilibe munthu, titaona kuti malaiti alipo. Panja tinayatsa mbaula yowambila ng'oma, chifukwa chikumba chikazizila mawu amatsika, ndipo sample ya poyamba na ya potsiliza zingamveke monga ng'oma ziwili. Mic inali imodzi, pulogalamu inali Audacity. Pa ng'oma iliyonse amalume anagunda pakati, m'mphepete, mogwila chikumba, na mwa mbama. Kugunda kulikonse anakuchita katatu: pang'ono, pakati-kati, na mwamphamvu. Izi n'zofunika maningi. Mukakhala na sample imodzi chabe, kompyuta imaibweleza ndendende, ndipo ng'oma imamveka monga makina osokela. Nitadula ma WAV, ninawaika mu Polyphone, pulogalamu yaulele yopangila SoundFont, n'kugawa velocity patatu kuti noti ya piano itenge kugunda kofewa, ya forte itenge kwamphamvu. Nambala ninayambila pa 36 kukwela. Mu drumset ninalemba maina amene amalume amachula, osati "low conga".

Pali zimene amalume anakana kujambula. Anati, "Za ku dambwe sizilowa mu laputopu. Izi nakupatsa ni za pa bwalo, zimene mwana aliyense angamve." Sininatsutse. Gule Wamkulu analengezedwa na UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, koma kulengeza kuja sikupatsa munthu aliyense wa mic ufulu wotenga zonse. Fayilo ikalowa pa WhatsApp siibwelela. Mwini ng'oma ndiye ayenela kukamba zimene zingatuluke.

Palinso zimene manoti sangagwile. Ng'oma zothandizila zimabweleza kalilidwe kamodzi, ndipo zimakhala bwino mu 12/8. Izi mwana wa ku Chawama kapena ku Matero angazione pa sikilini, kuzimvetsela, kuchepetsa tempo, na kuziyesa pa chigubu. Koma mbalule imayang'ana wovina. Imadikila phazi, imayankha chiuno, imachedwa dala kapena kuthamanga pang'ono. Kompyuta ilibe maso. Zimene nalemba za mbalule ni chitsanzo cha tsiku limodzi, ndipo pamwamba pa pepala nalemba zimenezo kuti wina asaganize kuti ndiye lamulo.

Nanga n'kuvutikilanji? Manja a amalume ayamba kutupa, ndipo ana awo onse ali mu tauni, palibe amene anatenga ng'oma. Achinyamata amene amabwela ku wailesi amadziwa FL Studio kuposa ine, koma akafuna "African drum" amatenga djembe ya ku Mali na Guinea chifukwa ndiyo ipezeka pa intaneti. Si mlandu wawo. Munthu amaphika zimene zili m'nyumba. Kuchokela pamene tinaika fayilo yathu pa kompyuta ya ku studio, atatu aitenga kale pa flash, ndipo mmodzi wa kwaya ya ku chalichi walembela oimba ng'oma ake mbali zawo kwa nthawi yoyamba.

Ngati mufuna kuchita zofanana na ng'oma za kwanu, sungani zinthu zitatu mu folder imodzi: ma WAV oyambilila, fayilo ya drumset, na kapepala ka nambala na maina m'chinenelo chanu, pamodzi na dzina la woimba ngati walola. Mapulogalamu amafa. Finale, imene anthu analembela nyimbo kwa zaka zoposa 30, analeka kuigulitsa mu 2024. Koma WAV na kapepala kokamba kuti 36 ni mbalule pakati, 37 ni mbalule m'mphepete, munthu wina adzazitsegula mu pulogalamu imene ikalibe kupangidwa, ndipo ng'oma idzalila na dzina lake.