Mankhwala a Maso Sabwerekana

Ife a ku Zomba timadziwa kugawana. Mchere, moto, ngakhale ndiwo timapatsirana pampanda. Koma pa zaka zimene ndayendera odwala ku Chinamwali, ku Matawale ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, ndaona kuti chinthu chimodzi sichiyenera kudutsa mpanda: kabotolo ka mankhwala odonthezera m'maso.

Mu 2024, matenda a maso ofiira atafala m'dziko muno, ndinapeza mayi wina akufuna kudonthezera mwana wake timolol, mankhwala amene apongozi ake analandira ku Chipatala Chachikulu cha Zomba. Ndinati, "Mayi, taimani kaye." Timolol ndi wa matenda a glaucoma, amachepetsa madzi opanikiza m'kati mwa diso. Sachiza kufiira, ndipo akalowa m'magazi amatha kubanikitsa wodwala mphumu ndi kuchedwetsa kugunda kwa mtima. Komanso mankhwala a agogowo akatha msanga, diso limaonongeka mwakachetechete, ndipo kuona kotayika ndi glaucoma sikubwerera.

Mukalandira anu, sambani m'manja ndi sopo. Kokerani pansi chikope cham'munsi, donthezani dontho limodzi, kukamwa kwa kabotolo kusakhudze diso. Tsinzinani, kanikizani ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi 2 kuti mankhwala asatsikire kummero. Ngati anakupatsani mitundu iwiri, siyanitsani ndi mphindi 5. Lembani tsiku limene mwatsegula. Pakatha masiku 28 musagwiritsenso ntchito, pokhapokha adokotala atanena zina.

Mnansi akadwala maso, chikondi chenicheni ndi kumuperekeza kuchipatala.